Umwini Wogawana wa Nyumba ku England

Umwini wogawana, womwe ku England amautchula kuti shared ownership, ndi ndondomeko imene munthu amagula gawo chabe la nyumba, n'kumalipira lendi pa gawo lotsalalo. Gawo lotsalali nthawi zambiri limakhala m'manja mwa mabungwe omanga ndi kubwereketsa nyumba otchedwa housing association. Ndondomekoyi inakhazikika kuyambira cha m'ma 1980, ndipo cholinga chake ndi kuthandiza anthu amene amalandira malipiro ndithu koma sangakwanitse kugula nyumba yathunthu pamsika. Mabanja oposa 200,000 amakhala m'nyumba zotere. Ndalama za boma zothandizira kumanga nyumbazi zimadzera ku Homes England, pomwe mumzinda wa London zimadzera ku Greater London Authority.

Chiyambi cha vuto

Mitengo ya nyumba ku England yakhala ikukwera mofulumira kuposa malipiro. Mu 1997 nyumba ya mtengo wapakatikati inkafuna malipiro a zaka zitatu ndi theka a munthu wogwira ntchito tsiku lonse. Pofika 2023 inkafuna malipiro a zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu, ndipo ku London zinthu zinali zothina kuposa pamenepo. Wogula koyamba amakumana ndi zopinga ziwiri. Choyamba ndi dipoziti, yomwe ndi yovuta kusunga munthu akamalipira lendi yokwera mwezi ndi mwezi. Chachiwiri n'chakuti mabanki amabwereketsa molingana ndi malipiro a munthu, kawirikawiri osapitirira kanayi ndi theka pa zomwe amalandira pachaka. Vutoli linakula pamene Bank of England inakweza chiwongoladzanja kuchoka pa 0.1 peresenti mu 2021 kufika pa 5.25 peresenti mu Ogasiti 2023. M'chaka chomwecho ndondomeko ya Help to Buy, yomwe boma linkabwereketsa ndalama kwa ogula nyumba zatsopano kuyambira 2013, inatha.

Mmene ndondomekoyi imayendera

Banja lofuna kugula motere liyenera kukhala lolandira ndalama zosaposa £80,000 pachaka, kapena £90,000 ngati lili ku London. Ololedwa ndi ogula koyamba, amene anali ndi nyumba kale koma tsopano sangakwanitse kugula ina, komanso amene ali kale m'nyumba ya umwini wogawana ndipo akufuna kusamuka. Kale gawo locheperatu linali 25 peresenti, koma malamulo atsopano a 2021 analitsitsa kufika pa 10 peresenti. Poyamba munthu sangagule gawo loposa 75 peresenti.

Ubwino wake umaonekera pa dipoziti, chifukwa imawerengedwa pa gawo logulidwalo basi. Tiyerekeze nyumba ya £300,000. Wogula 25 peresenti amafunika £75,000. Akapereka dipoziti ya 10 peresenti, ndiye kuti watulutsa £7,500, ndipo £67,500 yotsalayo amakongola kubanki. Akanati agule nyumba yonseyo, dipoziti yomweyo ikanakhala £30,000. Pa gawo la bungwe la £225,000 amalipira lendi, yomwe nthawi zambiri imayambira pa 2.75 peresenti pachaka. Apa ndi ndalama pafupifupi £516 pamwezi. Motero mwezi ukatha wogulayo amalipira zinthu zitatu: ngongole ya kubanki, lendi, ndi ndalama zosamalira malo monga kukonza denga, chikepe ndi makonde a nyumba zosanja.

Munthu akapeza ndalama amaloledwa kuwonjezera gawo lake pang'onopang'ono, zomwe zimatchedwa staircasing, mpaka nyumba itakhala yake yonse. Gawo likamakula lendi imatsika. Pa mapangano atsopano munthu angagule 1 peresenti chaka chilichonse kwa zaka 15 zoyambirira. Palinso mtundu wina wa anthu a zaka 55 kupita m'tsogolo, womwe malire ake ndi 75 peresenti, ndipo wofika pamenepo salipiranso lendi.

Mavuto amene ogula amakumana nawo

Dandaulo lalikulu n'lakuti munthu ali ndi gawo chabe koma amasenza udindo wonse. Ngakhale wagula 25 peresenti, ndalama zosamalira malo amalipira zonse, ndipo pa mapangano akale kukonza chilichonse chowonongeka ndi kwake. Malamulo a 2021 anachepetsako mtolowu: kwa zaka 10 zoyambirira bungwe limathandiza pa zokonza zofunika kwambiri mpaka £500 pachaka.

Lendi nayo imakwera chaka ndi chaka motsatira kukwera mitengo kwa zinthu, kuwonjezapo kena kake pamwamba. Gawo lowonjezera limagulidwa pa mtengo wa nyumba wa nthawi imeneyo, osati wa tsiku limene munthu analowa. Mitengo ikakwera, wogula amakhala ngati akuthamangitsa basi yomwe yanyamuka kale. Pamwamba pa izi pali ndalama za maloya ndi za wowerengera mtengo wa nyumba.

Mwalamulo, nyumba zimenezi zimagulidwa pa pangano la zaka zowerengeka. Mapangano akale anali a zaka 99 kapena 125, ndipo zaka zikatsala zochepa nyumba imavuta kugulitsa. Atsopano ndi a zaka 990. Mu 2007 khoti lalikulu linagamula kuti munthu wina amene analephera kulipira lendi ataye nyumba pamodzi ndi ndalama zonse zomwe anagulira theka lake, chifukwa pamaso pa lamulo anali walendi.

Kugulitsa nakonso kuli ndi malire. Bungwe limapatsidwa mwayi woyamba wopeza wogula, kwa milungu isanu ndi itatu pa mapangano akale ndi milungu inayi pa atsopano. Kubwereketsa nyumbayo kwa ena nthawi zambiri sikuloledwa. Moto wa pa nyumba yosanja ya Grenfell Tower mu Juni 2017, womwe unapha anthu 72, unaulula kuti nyumba zosanja zambiri zinakutidwa ndi zipangizo zosachedwa kuyaka. Ogula ambiri m'nyumba zotero analephera kugulitsa kwa zaka, popeza mabanki ankakana kubwereketsa ndalama, mpaka lamulo la Building Safety Act la 2022 linawatetezako pa ndalama zokonzera.

Madera ena ndi maganizo a aphungu

Scotland ndi Wales ali ndi ndondomeko zawo zofananirako, ndipo ku Northern Ireland bungwe la Co-Ownership lakhala likugwira ntchitoyi kuyambira 1978. Mu Malichi 2024 komiti ya aphungu yoona za nyumba ku Westminster inapeza kuti kukwera kwa lendi ndi ndalama zosamalira malo kukulepheretsa ogula ambiri kufika pa umwini wathunthu. Umwini wogawana umachepetsa ndalama yolowera m'nyumba, koma suchepetsa kwenikweni zolipira za mwezi ndi mwezi, choncho umapindulira kwambiri amene malipiro awo akukwera ndipo akhala m'nyumbayo zaka zambiri.