Mkanda wa Bruce Lee

Kanema wa boma adafika kuno ku Malawi mu 1999, ine nditamera kale ndevu. Zaka za m'mbuyomo mafilimu tinkaonera m'nyumba za vidiyo: kachipinda ka malata kuseri kwa msika, mawindo otseka ndi zikatoni, mabenchi a matabwa, thukuta lili kamukamu. Pakhomo pankakhala bolodi lolemba ndi choko. Akangolembapo Bruce Lee, anafe tinkatolera mabotolo kukagulitsa kuti tipeze matambala olowera.

Anzanga amatama Enter the Dragon ya 1973, kapena The Way of the Dragon, mmene Bruce adasosolana ndi Chuck Norris ku Colosseum mumzinda wa Rome. Ine yanga ndi The Big Boss ya 1971, yoyamba kukhalamo mwini filimu atabwerera ku Hong Kong kuchoka ku America. A Golden Harvest adaijambula ku Pak Chong, m'dziko la Thailand, ndi ndalama zochepa, ndipo umphawiwo umaonekera. Nkhonya zina zimalira zisanafike pa munthu.

Koma nkhani yake! Mnyamata wapita dziko la eni kukagwira ntchito pa fakitale youmitsa madzi, kumene kuli abale ake. M'khosi wavala mkanda wa kamwala kobiriwira, womukumbutsa zimene adalonjeza amayi ake: sadzachitanso ndewu. Eni fakitale amabisa mankhwala ozunguza bongo m'madzi oumawo, ndipo wantchito akatulukira chinsinsi amangosowa. Abale ake akumenyedwa iye akupenya, wangogwira kamwala kaja. Ife pa benchi tinkachita kusasa mawu: "Menya, iwe!" Mkanda utaduka, nyumba yonse inkaimirira, akumbuyo n'kumatikoka malaya kuti tikhale pansi.

Gawo limene ndili mwana ndinkaliona lotopetsa ndi limene lero limandigwira mtima. Ndewu itatha, mabwana samuchotsa ntchito. Amukweza kukhala kapitawo, amuitanira kuphwando, amumwetsa mowa mpaka kuiwala kufunsa za abale osowa aja. Anzake ayamba kumuyang'ana ngati wowagulitsa.

Tsiku lina ndidalowa ndi malume anga, amene adagwirapo ntchito m'migodi ya ku Joni nthawi ya Theba. Chingerezi cha m'filimumo sankachitsata, ndipo pa ndewu zonse sadatekeseke. Pa phwando paja adandigwira bondo.

"Mphwanga, ukapitawo uwu ndikuudziwa. Amakupatsa chipewa chatsopano kuti usafunse za mnzako amene sanatuluke pansi."

Sadanenenso kanthu mpaka kumapeto. M'filimumo Bruce adapha bwana wamkulu wa fakitale pa kapinga wa nyumba yake, kenaka n'kudzipereka kwa apolisi. Pamene Bruce weniweniyo ankamwalira mu Julayi 1973, ali ndi zaka 32 zokha, ambiri a ife tinali tisanabadwe, ndipo pa mabenchi paja tinkakanitsitsa zoti adafa. Mwini vidiyo adayamba kubweza tepi, ife tidatuluka kukachita maso tsinzitsinzi padzuwa, malume ali patsogolo, chipewa chili m'manja.