Nsomba za Anthu Opatulidwa pa Kalaupapa

Pakati pa nyanja yaikulu ya Pacific pali zilumba za Hawaii, ndipo chimodzi mwa izo ndi Molokai. Gombe la kumwera kwa chilumbachi ndi lodekha, madzi ake ndi osaya. Kumeneko makolo a anthu a ku Hawaii adamanga maiwe owetera nsomba oposa 50. Kumpoto ndi kwina. Kuli phiri loima chilili ngati khoma, lotalika pafupifupi mamita 600, ndipo patsinde pake pali ndomo yathyathyathya yolowa m'nyanja yaukali. Ndomo imeneyi ndiyo Kalaupapa. Boma litafuna malo osungirako odwala khate, lidasankha kumpotoku.

Luso la maiwe aja ndi loyenera kulifotokoza, pakuti likusonyeza chimene odwalawo adamanidwa. Anthu ankasanja miyala popanda dothi lomatira, kuyambira pagombe, kuzungulira m'madzi ngati uta, mpaka kubwereranso pagombe. Pakhomalo ankasiya chipata chotchedwa makaha, chotsekedwa ndi timitengo tomangidwa mothithikana. Madzi a m'nyanja yamchere amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku. Akamakwera, tiana ta nsomba tinkalowa m'mipata ya timitengoto, nkumadya ndere za m'dziwemo. Tikanenepa, njira yotulukira inkachepa. Nzeru yake ndi yonga ya mono, koma mono umakola nsomba ya lero, pamene dziwe linkasunga ndiwo za chaka chamawa. Mwini dziwe sankaopa namondwe.

M'chaka cha 1865 Mfumu Kamehameha V idavomereza lamulo loti aliyense wopezeka ndi khate apatulidwe. Pa 6 Januwale 1866 anthu 12 oyamba adatsitsidwa m'ngalawa, nakakhala ku Kalawao, mbali ya kuvuma kwa ndomoyo, kumene mphepo yozizira imawomba ndipo dzuwa limabisika msanga kuseri kwa phiri. Akuluakulu a zaumoyo adaganiza kuti anthuwa adzilimira ndi kudzidyetsa okha. Adaiwala chimene khate limachita. Matendawa amawononga mitsempha, kotero kuti manja ndi mapazi zimachita dzanzi. Munthu wotere chingwe cha ukonde chikamucheka, kapena mwala wakuthwa wa pagombe ukamulasa, samva kanthu. Amadzazindikira chilonda chitanyeka kale. Si kachirombo kamene kamadula zala monga ambiri amaganizira, koma zilonda zosasamalidwazo.

Njala idavuta m'zaka zoyambazo. Boma lidakakamizika kuyamba kugawa chakudya: koko wosinja, amene ndiye nsima ya anthu a kumeneko, nyama ya ng'ombe, ndiponso nsomba zamchere za m'migolo zochokera kutali. Kokoyo ankabwera pa ngalawa kuchokera m'zigwa zoyandikana, ndipo nyengo ya mafunde aakulu ikafika, ngalawa zinkalephera kukocheza. Tsono anthu okhala m'mphepete mwa nyanja yodzaza nsomba ankagona ndi njala, pamene kuseri kwa phiri lomwelo nsomba zinkanenepa m'maiwe.

Chidawapulumutsa ndi chibale. Eni nthaka amene adawapeza pandomopo adawalandira m'nyumba zawo, mpaka pamene boma lidawasamutsa onse m'ma 1890. Padalinso anthu otchedwa kokua, ndiye kuti athandizi: amuna, akazi ndi makolo osadwala amene adakana kusiyana ndi okondedwa awo, nalowa nawo m'ndendemo mwa kufuna kwawo. Iwowa pamodzi ndi odwala amene adali akadali ndi mphamvu ndiwo ankaponya maukonde, kuwedza ndi mbedza, kugwira nkhanu, kubenthula nkhono zomatirira pamiyala ndi kuzula ndiwo zamasamba zomera m'nyanja. M'chilimwe madzi otsalira m'maenje a pathanthwe akauma, ankakokolola mchere woyera wosungira nsombazo. Zogwidwazo ankagawirako akhungu ndi opuwala amene sakadatha kufika pagombe. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pa Kalaupapa manja a munthu mmodzi sankakoka ukonde.

Mabuku ambiri akamakamba za malowa amathamangira kwa Bambo Damien, wansembe wa ku Belgium amene adafika mu 1873, namanga nyumba, kutsuka zilonda ndi kukhoma mabokosi a maliro, mpaka iye mwini adamwalira ndi khate mu 1889. Amatchulanso Mayi Marianne Cope amene adafika mu 1888 kudzasamala akazi ndi atsikana. Ulemu umenewu ndi wowayenera. Komabe mpingo woyamba pamalopo, wa Siloama, adauyambitsa ndi odwala eni ake mu 1866, wansembeyo asanaponde pagombepo, ndipo asodzi amene ankadyetsa mudziwo maina awo sadziwika kwenikweni.

Chodabwitsa nchakuti pa nthawi yomweyo, ku Ulaya nsomba zinkazengedwa mlandu. Dokotala wotchuka wa ku London, Jonathan Hutchinson, adaona kuti khate lidali lofala pakati pa asodzi a m'magombe a Norway, ndipo adatsimikiza mtima kuti limayamba chifukwa chodya nsomba zosaumitsidwa bwino. Adayenda ku South Africa ndi ku India kufunafuna umboni, nalemba buku lathunthu mu 1906. Adalakwa. Kachirombo koyambitsa khate adali atakaona kale Armauer Hansen ku Bergen mu 1873. Koma pa mfundo ina Hutchinson adali pafupi ndi choonadi kuposa anzake: iye ankatsutsa zotsekera odwala kwaokha. Lero nkodziwika kuti anthu pafupifupi 95 mwa 100 alionse matupi awo amalikana khate, ndipo silipatsirana msanga. Lamulo limene lidalanda ana obadwira pa Kalaupapa m'manja mwa amayi awo, ndi kufukiza makalata asanatumizidwe, lidakula ndi mantha kuposa nzeru. Nchifukwa chake anthu a ku Hawaii adawatcha matendawa dzina lotanthauza nthenda yolekanitsa.

Anthu pafupifupi 8,000 adatumizidwa kumeneko m'zaka zoposa 100. Mankhwala ochiza a mtundu wa sulfone adafika mu 1946, koma lamulo lopatula lidathetsedwa mu 1969. Chipata chitatseguka, ambiri mwa otsalawo sadatuluke. Kunja kudali abale amene adazolowera kusawatchula, pamene pandomopo padali manda a anzawo, matchalitchi awo ndi miyala imene aliyense ankadziwa kuti apa pamadya nsomba yakuti. Mu 1980 boma la America lidasandutsa malowo kukhala osungirako mbiri, nalonjeza kuti otsalawo akhala pomwepo moyo wawo wonse.

Maiwe a kumwera aja nawo adaona zawo. Ambiri adakwiririka ndi matope okokoloka m'mapiri odyetsedwa ziweto mopitirira, ndipo mitengo ya m'madzi imene idabzalidwa mu 1902 kuti itchinge matopewo idamera m'makoma nkuwagumula. Kuyambira m'ma 1990 anthu a pa Molokai akhala akudula mitengoyo ndi kusanjanso miyala ija pamanja, akupatsirana umodziumodzi pamzere monga ankachitira makolo awo.