Zosemasema za ku Africa ndi Kusintha kwa Luso Lojambula ku Paris

Pofika chaka cha 1900, ojambula zithunzi ku Ulaya anali atatsatira kwa zaka pafupifupi 500 lamulo lakuti chithunzi chabwino chizifanana ndi zimene diso likuona, zinthu zapafupi zikhale zazikulu ndipo zakutali zichepe. Kamera itayamba kugwira ntchito imeneyi msanga ndiponso motchipa, ojambula achinyamata a ku Paris anayamba kufunafuna njira ina, ndipo anaipeza pamalo amene aphunzitsi awo sankawawerengera n'komwe.

Atsamunda a ku France ndi Belgium ankatuta ziboliboli ndi zigoba zovala kunkhope kuchokera ku Gabon, Congo ndi Côte d'Ivoire, zina n'kumagulitsidwa m'timasitolo ta zinthu zakale, zina n'kumaunjikidwa m'nyumba yosungiramo zinthu za mitundu ya anthu ya Trocadéro. Mu 1906 Henri Matisse anagula kachiboliboli ka Avili a ku Congo, André Derain anapeza chigoba cha Afang, ndipo mu 1907 Pablo Picasso, atakazonda Trocadéro, anamaliza chithunzi chotchedwa Les Demoiselles d'Avignon. Pachithunzipa pali akazi asanu osavala, amene matupi awo ndi osongokasongoka ngati osemedwa ndi kasemasema, ndipo awiri a kudzanja lamanja ali ndi nkhope zonga zigoba, mphuno zopotoka, masaya odzaza mizere ngati mphini. Ngakhale anzake enieni anadabwa nacho, moti sichinaonetsedwe pagulu mpaka 1916.

Apa ndi pamene panaphukira Cubism, kajambulidwe kamene Picasso ndi Georges Braque anakakhwimitsa pakati pa 1908 ndi 1914, komwe chinthu chimodzi, kaya ndi gitala kaya botolo, chimagawidwa m'tizidutswa n'kuonetsedwa mbali zingapo nthawi imodzi, motsatiranso zimene Paul Cézanne anayamba asanamwalire mu 1906.

Komabe chimene akatswiriwa anatenga chinali maonekedwe okha, pakuti chigoba chopachikidwa pakhoma, popanda wovina, ng'oma kapena mwambo, chataya ntchito yake, monga aliyense wodziwa gule wamkulu angavomereze. Picasso mwiniwake nthawi zina ankakana kuti zosema za ku Africa zinamuthandiza pachithunzi cha Les Demoiselles d'Avignon. Chithunzicho chili ku Museum of Modern Art ku New York kuyambira mu 1939, koma mayina a amisiri amene anasema zambiri mwa zigobazo sanalembedwe ndi amene anazitenga.