Za Njira Yokwera ku Dambe

Mphunzitsi akamva kuti amtuma ku Dambe, kawirikawiri nkhope yace igwa. Ndipo sitimtsutsa, pakuti njira yocokera pa Neno Boma ikwera kosalekeza, ndipo m'dzinja dothi lace literera kotero kuti ngakhale galimoto ikanika. Koma adziwe kuti sali woyamba kuikwera.

Mapiri amenewa Azungu anawacha Kirk Range, kukumbukira John Kirk, sing'anga amene anayenda ndi Livingstone m'cigwa ca Shire m'caka ca 1859. Pamwamba pace madzi agawikana: ena atsikira ku Shire m'mitsinje ya Lisungwi ndi Wamkulumadzi, ena apita ku Zambezi. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891 linatsata mzere womwewo; motero mabanja ena anapezeka m'maiko awiri, osasuntha ngakhale nyumba imodzi.

A misyoni sanacedwe kufika. Ansembe a Montfort anakhazikika pa Neno m'caka ca 1906, ndipo m'caka ca 1908 a Sabata anatsegula Matandani, kumene Samuel Konigmacher anagwira nchito pamodzi ndi Peter Nyambo, mwana wa dziko lino amene anafikako ku England. Masiku amenewo ulendo wonse unali wa pansi. Mzungu ananyamulidwa pa macila, koma mphunzitsi anasenza yekha mabuku ndi mphasa yace. Ici timaciiwala msanga polemba mbiri.

Dzikolo liri lozizira, ndipo libala mbatata ya kacewere ndi tirigu. Koma cimene cinasautsa eni ace ndico kutalika kwa cipatala: wodwala kwambiri, kapena mai wobvutika pobala, anamnyamula amuna kutsika naye zitunda, ndipo ena anatsirizikira panjira. Neno inakhala boma payokha m'caka ca 2003, itapatuka ku Mwanza. A Abwenzi Pa Za Umoyo anayamba nchito yao kumeneko m'caka ca 2007, ndipo cipatala ca Dambe cinatsegulidwa m'caka ca 2016, zitapita zaka zoposa 100 cifikire a misyoni.

Pophunzitsa ana mau oloza malo, mapiri awa akuthandizeni. Wa ku Lisungwi ati, ndinka ku phiri. Akafika pamwamba ati, ndiri pa phiri. Koma wobadwira komweko, amene munda wace ndi manda a makolo ace ziri pakati pa zitundazo, ati, ife tikhala m'phiri.