Kalata ya Boma Sinatsegule Mawodi a ku Scutari

Pa 4 Novembala 1854, Florence Nightingale anafika ku Scutari, kutsidya kwa Constantinople, ali ndi anamwino 38 ndi kalata ya boma. Anamutuma ndi Sidney Herbert, nduna ya boma la Britain pa nthawi ya nkhondo ya ku Crimea. Papepala, mayiyu anali mkulu wa anamwino m'zipatala za asilikali ku Turkey. Koma madokotala sanafune akazi m'mawodi mwawo, ndipo kalatayo sinaphule kanthu.

Nightingale sanalimbane nawo. Analetsa anamwino ake kukhudza wodwala pokhapokha dokotala atapempha. Ena anadandaula, poti anthu ankabuula iwo ali khale kusoka ndi kukonza nsalu zomangira mabala. Pasanathe masiku ambiri, ovulala pa nkhondo ya ku Inkerman anasefukira mpaka m'makonde, ndipo madokotala anadzipemphera okha thandizo.

Apa m'pamene panaonekera mphamvu imene akuluakulu a chipatala analibe. Mayiyu anali ndi ndalama, kuphatikizapo za thumba limene owerenga nyuzipepala ya The Times anasonkha. Pamene ofesi yosunga katundu inkachedwa ndi mafomu, iye ankagula malaya, sopo, mbale ndi maburashi okolopera kumsika, n'kutsegulanso malo ochapira zovala. Wofuna kanthu msanga ankapita kwa iye. Analinso ndi khutu la Herbert, amene ankamulembera makalata osabisa mawu. Asilikali wamba nawo anamukhulupirira chifukwa ankawayendera usiku ndi kulembera mabanja a omwalira.

Komabe chikondi chimenechi sichinaletse imfa. Ambiri ankafa ndi kamwazi, kolera ndi tayifodi, osati mabala. Imfa zinatsika kwambiri bungwe la zaukhondo la John Sutherland ndi Robert Rawlinson litafika mu Malichi 1855 n'kutsuka ngalande za zonyansa. Atabwerera kwawo, Nightingale anasanthula ziwerengero pamodzi ndi William Farr, ndipo zithunzi zake za mu 1858 zinaonetsa aliyense kuti uve unapha asilikali ambiri kuposa zipolopolo. Mphamvu ya kudziwa imeneyi ndiyo inamufikitsa patali kuposa zonse, chifukwa manambala ankalowa m'misonkhano imene mkazi sankaloledwa kukhalamo.

Udindo wokha unachita kubwera mochedwa. John Hall, mkulu wa madokotala, ankaumirira kuti Nightingale analibe ulamuliro ku Crimea chifukwa kalata ija inkanena za Turkey, osati Crimea, ndipo lamulo lothetsa mkanganowu linatuluka mu Malichi 1856, nkhondo ikutha.

Phunziro lowawali Nightingale analigwiritsa ntchito potsegula sukulu ya anamwino pa chipatala cha St Thomas' ku London mu 1860. Anaumirira kuti dokotala alamule za mankhwala, koma kulemba ntchito, kuphunzitsa ndi kudzudzula anamwino kukhale m'manja mwa matroni. Sarah Wardroper, matroni wa chipatalacho, anayendetsa sukuluyo mpaka 1887, ndipo ophunzira ake anakakhazikitsa dongosolo lomweli ku Sydney, Edinburgh ndi Liverpool.