Mvula ya ku Mulanje ndi kabokosi kosachedwa kudzaza

Tiyi atayamba kulimidwa ku Mulanje m'chaka cha 1891, eni minda sanachedwe kuona kuti mbewuyi imayendera mvula. Choyezera cha masiku amenewo chinali chitini chokhala ndi fanulo. M'mawa uliwonse munthu ankakhuthulira madziwo m'kabotolo ka mizere n'kulemba nambala imodzi m'buku. Buku likadzaza ankangotenga lina. Koma nambalayo sinkanena ngati mvula inagwa mowaza tsiku lonse, monga imachitira ya chiperoni, kapena inakhuthuka pa ola limodzi.

Kenaka kunabwera zipangizo zolemba zokha: chitini chozungulitsidwa ndi wotchi, chokulungidwa pepala, pomwe kacholembera ka inki kankajambula mzere wokwera ndi kutsika. Mapepala ena ankatha pa sabata. Wosintha akachedwa, inki inkadutsanso pamzere wakale, zonse n'kusokonezeka.

Makina a magetsi otchedwa data logger anachotsa inki, koma vuto la malo linatsala. Kampani ya Campbell Scientific, yomwe inayamba mu 1974 ku Logan m'dziko la America, inatulutsa CR10 m'zaka za m'ma 1980, ndipo inkasunga manambala pafupifupi 30,000. Amaoneka ochuluka mpaka munthu atawerengetsera. Kulemba zinthu zisanu mphindi 15 zilizonse ndi manambala 480 patsiku, osawerengera tsiku ndi nthawi yake, moti memori inkadzaza miyezi iwiri isanakwane. Ikadzaza, makinawo ankabwerera poyambira n'kumalemba pamwamba pa zakale, ngati mwini nkhokwe amene akutaya chimanga cha chaka chatha kuti cha lero chilowe.

Apa ndi pamene akatswiri anaphunzira kusankha. Sensa imatha kuyeza masekondi 10 aliwonse, komwe ndi ka 8,640 patsiku, koma makina amangosunga avereji, nambala yaikulu ndi yaing'ono ya ola lonse. Pa kutentha njirayi ilibe vuto. Pa mvula ya m'phiri la Mulanje ndi yoopsa, chifukwa chimene chimagumula nthaka ndi kusefukiritsa Ruo, Likhubula kapena Lichenya ndi madzi ambiri ogwa pa kanthawi kochepa, ndipo avereji imawabisa. Amene anaona napolo wa ku Phalombe mu 1991, kapena namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, safunika kuwafotokozera. N'chifukwa chake choyezera chokhala ndi kachikho kopendekeka chili chanzeru: kachikhoko kakalandira mamilimita 0.2 kamagwa mbali ina, makina n'kulemba nthawi yokhayo. M'chilimwe memori imangokhala osadyeka. Mvula ikakula, mphindi iliyonse imaoneka.

Lero wophunzira akhoza kudzipangira makina otere ndi kabolodi ka Arduino Uno. Kali ndi memori yogwirira ntchito ya mabayiti 2,048 okha. Khadi ya SD imasunga za zaka zambiri, inde, koma imalandira zinthu m'magawo a mabayiti 512, ndiye gawo limodzi lokha ladya kale kota ya memoriyo. Kulemba pakhadi kawirikawiri kumamaliza batire. Kuunjika kaye manambala kuti alembedwe pamodzi kumapulumutsa batire, koma magetsi akazima zounjikidwazo zapita. Ndipo amazima nthawi yoipitsitsa, mitambo itaphimba sola yotchajira batire masiku angapo, mvula ili pachimake.

Siteshoni ya zanyengo ya ku Mimosa ili pofikika. Koma kabokosi ka makina otere koikidwa pamwamba pa phiri, ku Chambe kapena kufupi ndi Sapitwa pa mamita 3,002, kali kutali ndi msewu, netiweki yake ndi yodukaduka, ndipo wokatenga manambala amakwera wapansi maola ambiri. Woika makina kumeneko ayenera kugamula asanatsike: ikadzaza memori, afufute zakale kapena asiye kulemba? Pa mvula, kusiya kulemba n'kutaya sabata zomaliza, zomwe mwina ndi zimene zinamuchedwetsa kukwera.