Bangkok: mzinda wa akachisi a Chibuda

Bangkok ndi likulu la dziko la Thailand ndipo uli m'mbali mwa mtsinje wa Chao Phraya. Eni dziko amautcha Krung Thep. Mzindawu unakhala likulu m'chaka cha 1782 pamene Mfumu Rama I inakhazikitsa ufumu wa banja la Chakri, womwe ulipo mpaka lero. Nthumwi za maboma zimapita kumeneko kawirikawiri kaamba koti kuli likulu la ESCAP, nthambi ya United Nations yoona za chuma ndi chitukuko ku Asia ndi Pacific.

Malo otchuka koposa ndi nyumba yachifumu ya Grand Palace, yomwe inayamba kumangidwa mu 1782. M'kati mwa mpanda wake muli kachisi wa Wat Phra Kaew, momwe mumasungidwa chiboliboli cha Buddha chosemedwa pa mwala wobiriwira. Msinkhu wake ndi masentimita pafupifupi 66 okha, komabe anthu a ku Thailand amachipatsa ulemu waukulu, moti zovala zake zimasinthidwa katatu pachaka pa mwambo wachifumu.

Chapafupi pomwepo pali Wat Pho, komwe kuli chiboliboli cha Buddha atagona chammbali, chotalika mamita 46. Chinapangidwa m'nthawi ya Mfumu Rama III. Kutsidya kwa mtsinje kuli Wat Arun, kachisi wa nsanja yokongoletsedwa ndi zidutswa za mbale zadothi, ndipo alendo amawoloka pa boti kuchokera pa doko la Tha Tien. Ku Wat Traimit kuli chiboliboli chagolide cholemera matani 5.5. Kwa zaka zambiri chinali chomatidwa pulasitala, kufikira mu 1955 pamene chinagwa pochinyamula, golideyo n'kuonekera.

Akachisiwa ndi malo opembedzerapo, choncho mlendo ayenera kuvala zobisa mapewa ndi mawondo komanso kuvula nsapato polowa m'nyumba yopemphereramo. Kuloza chiboliboli kapena munthu ndi phazi n'chipongwe, ndipo amayi saloledwa kukhudza amonke. Wofuna kutuluka m'dzikolo ndi chiboliboli cha Buddha chakale ayenera kuyamba wapeza chilolezo cha boma.

Chofunika kusamala nacho kwambiri ndi lamulo loteteza banja lachifumu. Gawo 112 la malamulo a milandu limati wonyoza mfumu, mfumukazi kapena wodzalowa ufumu akhale m'ndende zaka zitatu mpaka 15, ndipo limagwira ntchito ngakhale kwa alendo. Mfumu Vajiralongkorn inalowa ufumu bambo ake, Mfumu Bhumibol Adulyadej, atamwalira mu 2016.

Alendo achenjerenso ndi atsizinamtole omwe amaima pafupi ndi Grand Palace n'kumanena kuti malowo atsekedwa, cholinga chawo chili chowatengera kumasitolo a miyala yamtengo wapatali pa tinjinga tamoto ta matayala atatu totchedwa tuk-tuk.

Pamisewu pamakhala mdipiti wa galimoto, kotero n'kwanzeru kukwera sitima ya BTS Skytrain, yomwe inayamba mu 1999, sitima yapansi panthaka ya MRT, yomwe inayamba mu 2004, kapena maboti apamtsinje. Nyengo yabwino yoyendera mzindawu ndi kuyambira Novembala mpaka Febuluwale pamene kunja kumazizirirako. Mu Epulo kumatentha kwambiri, ndipo pa 13 mpaka 15 maofesi a boma amakhala otseka chifukwa cha chikondwerero cha chaka chatsopano cha Songkran.